Kawaya ka pambali pa G kakungoduka, gitala ya mawaya 12 ndigulire ati?

Mwana_wa_Likhubula
Akuluakulu moni nonse. Pano zandikwana. Amalume atabwera kuchokera ku Joni mu Disembala anandisiyira gitala yamagetsi ya mawaya 12, akuti anagula kwa munthu wina amene ankasamuka, dzina pamutu pake linafufutika koma khosi n'lowongoka ndipo ma pickup onse awiri akugwira. Mawaya anali bii ndi dzimbiri nde ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ndamuuza mnyamata wa mushopu kuti ndikufuna a 12, wandipatsa paketi ya mawaya owala ngati golide. Kufika kunyumba kumanga, kawaya kakang'ono ka pambali pa G kaduka ndisanamalize n'kuchuna komwe. Ndaikapo wina wa gitala yanga yakale, wangokhala masiku atatu, phwii pa pulakatisi. Chinanso pa ampu mawu sakumveka bwino, ang'onoang'ono akuboola makutu pomwe akuluakulu akungomveka ngati ali m'chigubu. Loweruka likubwerali kuli ukwati ku Chitakale tinalandira kale dipoziti. Ndigule mawaya ati, ndipo kuti?

Sapitwa_Boy
Kkkkk a golide? Amwene akugulitsani a gitala ya bokosi amenewo

Bass_ya_Bvumbwe
Chotsani mawaya sikisi muimbe ngati anthu ena onse. Mavuto ena timaziitanira tokha.

Mwana_wa_Likhubula
A Bass, ndikanafuna ya sikisi ndili nayo kale. Ndikufuna kulira kwa iyiyi.

MphunzitsiWopuma
Mwanawe, mavuto ako ndi awiri osiyana, usawaphatikize. Tiyambe ndi la mawu. Pickup ya gitala yamagetsi ndi maginito okulungidwa ndi kawaya ka kopa, imamva chitsulo chokhacho chimene maginito amakoka. Nsambo za golidezo ndi za bronze, zinapangidwira gitala ya bokosi. Mkati mwake muli chitsulo inde, koma chokulungira kunjaku maginito sachiona, nde nsambo zazikulu zimafooka pomwe zazing'ono zija zosakulunga, zomwe n'zachitsulo zokhazokha, zimalira mphamvu zonse. N'chifukwa chake ukumva ngati kwaya imene abambo ajomba. Pa paketi pakhale mawu oti electric ndi nickel. Wa mushopuyo mwina sananame, anakupatsa za 12 ndithu, kungoti sunanene kuti yako ndi yamagetsi kapena iye sanafunse.

La kuduka ndibwera nalo, ndiyambe ndamwa tiyi.

MaiKwaya_Luchenza
Kwaya imene abambo ajomba kkkk aphunzitsi mwandikumbutsa Lamulungu lapitali

Zamagetsi_Goliati
Kodi waya akudukira pati? Palibe amene wafunsa. Akadukira pa chochunira ndiye kuti pakabowo pali kachitsulo kakuthwa, akadukira pa bridge, kumunsi komwe mawaya amathera, vuto ndi saddle, kachitsulo kamene waya amatsamirapo, akadukira pakati ndi dzimbiri kapena dzanja lanu. Mawaya odukawo musataye, ayezeni pa gitalapo muone pomwe akulekezera.

Mwana_wa_Likhubula
Woyamba ndinataya, wachiwiri ndamupeza m'thumba la gitala. Wadukira kumutu, pa chochunira penipeni.

Bass_ya_Bvumbwe
Ikani wonenepa basi. Kawaya ka 8 n'ka tsitsi kameneko, ikani 11 kapena 12 muone ngati aduke.

MphunzitsiWopuma
Ayi achimwene a Bass, pamenepo mumuphetsa mwanayu. Ambiri timaganiza choncho koma sizili choncho. Tamvani. Pa gitala ya 12 nsambo zili ziwiriziwiri, magulu sikisi. E wamkulu, A, D ndi G aliyense ali ndi mnzake wamng'ono wolira okutevu imodzi pamwamba, kutanthauza noti yomweyo koma yokwera. B ndi E wamng'ono anzawo amalira chimodzimodzi. Tsono mnzake wa G uja ndiye wokwera kuposa onse pa gitala yonse. Amachunidwa G4, 392 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe E wamng'ono amene timamuona ngati wapamwamba ali pafupifupi 330 Hz basi. Nsambo yachitsulo pa utali wa khosi la gitala ili ndi malire ake, ukapitirira G ameneyu pang'ono chabe, cha ku A, yaduka. Ukanenepetsa nsambo imalimba inde, koma imafunanso kukokedwa kwambiri kuti ifike pa G yemweyo, nde zimangofanana, phindu palibe, wangowonjezera katundu pa khosi ndi kupweteka zala. N'chifukwa chake opanga amaikapo 8 kapena 9, nthawi zina 10.

Manambalawa kwa amene sakuwadziwa ndi kunenepa kwa nsambo, 8 ndiye kuti .008 ya inchi. Seti ya D'Addario ya EXL150 imayenda chonchi: 10 ndi 10, 13 ndi 13, 17 ndi 8, 26 ndi 12, 36 ndi 18, 46 ndi 26. Ernie Ball ali ndi yopepukirapo yoyambira 8 kulekeza 40. Kwa munthu amene ukuyamba kumene pa 12 ndipo gitala sukuidziwa mbiri yake ine ndingati usapyole 10 mpaka 46.

Bass_ya_Bvumbwe
Aphunzitsi za ma Hz ife sitikana, koma ine kwathu chingwe chonenepa ndi chimene timamangira ng'ombe

Sapitwa_Boy
Ng'ombe simaichuna G4 madala

WakuJoni_77
Ngati mungadikire ndikubwera kumapeto kwa mwezi ndi basi, nditha kukutengerani ma seti awiri. Kuno a electric 12 amapezeka koma si shopu iliyonse, ngakhale kuno amakuyang'ana kaye ukafunsa. Koma za ukwati wa Loweruka sindingathandize.

Mwana_wa_Likhubula
Achimwene a ku Joni nditengereni awiriwo, ndikulemberani kumbali. Koma Loweruka nditani? Ndaimbira mashopu atatu ku Blantyre onse akuti a 12 ali nawo ndi a bokosi okha.

Zamagetsi_Goliati
Njira ilipo, ine ndinapangapo pa gitala ya tchalitchi chathu imene inabwera ndi katundu wa mphatso. Gulani mapaketi atatu a gitala wamba yamagetsi, awiri a 10-46 ndi imodzi ya 9-42, amenewa amapezeka paliponse. Paketi yoyamba ya 10-46 mumanga yonse ngati gitala ya sikisi. Yachiwiri mutengamo 26 akhale mnzake wa E wamkulu, 17 mnzake wa A, 13 mnzake wa B, 10 mnzake wa E wamng'ono. Mu ya 9-42 mutengamo 11 apite pa D ndi 9 apite pa G wovutayo. Basi 12 yakwana. Ndalama zimapweteka chifukwa mawaya sikisi akuluakulu atsala opanda ntchito, koma gitala ilira bwinobwino ndipo omvera sangasiyanitse. Ngati shopuyo amagulitsa waya mmodzimmodzi ndiye bola, gulani ma 9 atatu musunge m'thumba.

Ndipo musanamange, chochunira chija. Tengani sandipepa wosalala kwambiri, mupinde kakang'ono, mupukute m'mphepete mwa kabowo pomwe waya amapindikira. Kapena dutsitsani waya wakale wokulunga m'kabowomo mukokekoke ngati mukucheka. Kenako kawaya kakang'onoko mukazunguliza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kutsikira pansi, kuti mphamvu isakhale pa m'mphepete mwa bowo.

Mwana_wa_Likhubula
Eeh ine ndimangozunguliza kawiri nkudula. Mwina ndi pamenepo.

Zamagetsi_Goliati
Kawiri n'kwa waya wonenepa. Wopyapyala amafuna kukulunga.

Namasamba_Makwasa
Inu mukukamba za manambala koma mdani wathu kuno ndi chinyezi. Ine ndimakhala pakati pa minda ya tiyi, chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julaye ngakhale zovala pa chingwe siziuma masiku atatu, nde waya wachitsulo wopyapyala ngati uja angalimbe? Ndinamanga atsopano Lolemba, kusiya gitala pakhoma, Lachisanu timadontho tofiira tayamba kale pa B. Panopa ndikamaliza kuimba ndimapukuta waya aliyense ndi kansalu kouma, pamwamba ndi pansi pomwe, ndikutanthauza kulowetsa nsalu pakati pa waya ndi khosi, kenako gitala m'thumba, mkatimo ndimaponyamo timapaketi toyera tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano. Pa ya 12 nde ntchito ichuluka chifukwa thukuta limabisala pakati pa awiriwo pomwe nsalu safika.

MaiKwaya_Luchenza
Mnyamata wathu wa gitala amapaka mafuta ophikira akuti asachite dzimbiri. Ndi zoona zimenezo?

Namasamba_Makwasa
Mayi muletseni, akuitana fumbi ndi nyerere. Mafutawo amalowa m'mizere ya waya wokulunga, mawu amafa.

Sapitwa_Boy
Gitala kumanunkhira zitumbuwa pa guwa kkkkk

Bass_ya_Bvumbwe
Ife a bass timangowiritsa mawaya m'poto akatha mawu, kuyanika, kubwezeretsa. Miyezi iwiri ina yaulele.

MphunzitsiWopuma
Za bass zimatheka chifukwa n'zonenepa, litsiro limachoka. Nsambo ya 9 ukaimasula, kuiwiritsa, n'kuipindanso pamalo pomwe inapindika kale, ukungoitsanzika.

GogoWaBanjo
Ana inu mwalemera. Ife tinkaphwasula kebulo ya mabuleki a njinga, kusolola kawaya kamodzikamodzi, kumanga pa banjo ya chigubu cha mafuta, ndipo anthu ankavina mpaka tambala kulira. A Namoko a konkuno ku Thyolo ndi Chimvu yawo dziko lonse linawamva ndi banjo, ma Hz ankawadziwa? Waya akaduka pakati pa nyimbo unkangomanga mfundo kumutu n'kupitiriza.

Mwana_wa_Likhubula
Agogo ulemu wanu, koma kebulo ya njinga pa gitala ya amalume akandipeza andilanda

GogoWaBanjo
Sindinati uike mdzukulu wanga, ndangokumbutsa. Komatu maginito akoyo kebulo ya njinga angaimve bwino kuposa golide wagulayo.

Zamagetsi_Goliati
Apa agogo awina kkkk, n'zoona ndithu, ndi chitsulo

Namasamba_Makwasa
Kunena za njinga, alipo akudziwa amene amawotcherera felemu cha ku Thekerani? Yanga yathyoka pa mtsetse uja

Sapitwa_Boy
A Namasamba tsegulani nkhani yanu, pano tikupulumutsa ukwati

Lead_wa_Muloza
Ndachedwa koma pali chinthu chimodzi simunachikhudze. Yang'anani nati, kapulasitiki koyera kaja kumutu komwe mawaya amadutsa, muone mipata yake. Magitala ambiri a 12 ukamakhwacha kutsika piki imayamba kugunda waya wamng'ono kenako wamkulu. Koma Rickenbacker anatembenuza, wamkulu ndiye amayamba. Ya mtundu wa 360/12 imene George Harrison anayamba kuimbira mu 1964 ndi yotero, ndipo pali makampani ena amene anakopera kamangidwe kameneko. Nde poti yanu dzina linafufutika musangotsatira chithunzi cha pa intaneti, tsatirani mipata. Mpata waukulu waya wamkulu, waung'ono wamng'ono. Mukasemphanitsa wamkulu amakhala pamwamba osalowa, wamng'ono amasambira mumpata n'kumalira zzzz.

Mwana_wa_Likhubula
Ndayang'ana ndi tochi ya foni. Kuyambira kumwamba mpata woyamba ndi waung'ono, wachiwiri waukulu. Ndiye ndi ya wamba eti? Mmene ndinamangira ndi momwemo.

Lead_wa_Muloza
Eya ndi ya wamba, pamenepo muli bho. Ine ndikanakhala inu ndikanawauza a ku Joni akufunireni flatwound, osalala aja. Kulira kwa 12 kwa zaka za m'ma 1960 kumene anthu amakufuna kunkachokera kumeneko, komanso zala sizilira fwii fwii ukamasuntha, ndipo litsiro lilibe pobisala.

WakuJoni_77
Flatwound ya 12? Mani mukudziwa mtengo wake? Pyramid kapena Thomastik mpaka kuitanitsa, ndalama yake mugula ma seti wamba angapo. Munthu akuimba maukwati ku Chitakale, si studio.

Lead_wa_Muloza
Koma amakhalitsa. Wotchipa mugula kanayi pachaka.

Zamagetsi_Goliati
A Lead, amakhalitsa ndi okulungawo. Mu seti ya 12 oposa theka ndi osakulunga, chitsulo chosavala, ndipo amene amachita dzimbiri msanga n'kuduka ndi omwewo, kaya seti ndi flatwound kaya ndi ya pamsika. Nde mulipira ndalama zambiri koma kawaya ka G kadukabe tsiku lake likakwana. Kwa nyengo ya kuno ndalama yowonjezera bola ipite ku okutidwa ngati Elixir, ang'ono ake anawateteza ku dzimbiri, koma nawonso samalani, mapaketi abodza adzaza. Mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti mkatimo muli zina.

Lead_wa_Muloza
Okutidwa amaterera ngati sopo, ine ayi. Koma aliyense ndi khutu lake.

MaiKwaya_Luchenza
Ine za mawaya sindizidziwa koma ndikupempha chinthu chimodzi mwana wanga, chuna kunyumba. Tinaitanapo wa 12 pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, anthu akudikira kupelekani iye ali ting'i ting'i ting'i mphindi 20, a MC mpaka anayamba nthabwala za apongozi zinathera pomwepo.

MphunzitsiWopuma
Mayi anena zoona ndipo zikugwirizana ndi chomwe ndimafuna kuwonjezera. Nsambo 12 zimakoka khosi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi sikisi, nde ukachuna imodzi khosi limasuntha pang'ono n'kusokoneza zinzake. Uyenera kuzungulira katatu kapena kanayi. Manga Lachitatu, osati Lachisanu usiku, uzikoke pang'onopang'ono ndi chala kuti zikhazikike, koma ya pa G ija ingoisisita, usaikoke ngati zinazo. Posintha chotsa imodzi kapena ziwiri panthawi, usavule zonse.

Ndipo nzeru yakale ya oimba 12 ndi iyi: tsitsa gitala yonse ndi hafu sitepe, E akhale E flat, kapena sitepe yathunthu akhale D, n'kuika kapo, kachipangizo kopana nsambo zonse pa khosi, pa fret (kamzere kachitsulo ka pakhosi) yoyamba kapena yachiwiri ukafuna kiyi wa anzako. G wovuta uja amapuma, khosi limapuma, zala nazonso. Kapo yake ikhale yotakata ndi yolimba, ya gitala wamba nthawi zambiri imapana zazikulu n'kusiya zazing'ono zikulira mwa chimfine.

Bass_ya_Bvumbwe
Akatsitsa ndiye kuti bandi yonse itsitse? Ife a bass tilakwanji

Sapitwa_Boy
Wa kiyibodi angodina transpose, batani losinthira kiyi, inu mawaya anayi okha mukudandaula chani

Chiperoni12
Ndiulule tchimo langa mwina lithandiza wina. Nditagwira ya 12 koyamba ndinkaganiza kuti onse ang'onoang'ono amakwera okutevu, nde ndinayamba kukweza mnzake wa B, kukweza, kukweza, tuner ya pafoni ikungonena B ikubwera, mpaka waya anandikwapula pa tsaya chipsera chilipo. Tuner zambiri zimangolemba chilembo, yang'anani kanambala kapambali. B onse awiri ndi B3, E ang'ono onse E4. Ndipo nkhope muziika kutali mukamakweza G.

Mwana_wa_Likhubula
Pepani achimwene koma ndaseka. Funso lina, bronze uja anali wolimba kwambiri kukanikiza, panopa ndikuona ngati mawaya atalikira ku khosi kusiyana ndi mmene inabwerera. Ndaononga?

Zamagetsi_Goliati
Simunaononge, khosi lagonjera katundu basi. Ma seti a bokosi amakhala olemerako pa okutevu ndi pa G wokulunga. Masulani bronze lero lomwe. Mukamanga opepukawo mudikire masiku awiri, kawirikawiri limabwerera lokha. Likapanda kubwerera ndiye pali chitsulo cha m'khosi, truss rod, chimakhwimitsidwa ndi alen kiyi kota imodzi yokha kenako kudikira. Koma ngati simunapangepo musayambire pa gitala ya amalume sabata ya ukwati, bwerani nayo ku Goliati kapena tikumane pa Luchenza Lachinayi ndikuonereni, fanta mugula ndinu.

Lead_wa_Muloza
Muonenso bridge ngati ili ndi ma saddle 12 kapena sikisi. Ikakhala ya sikisi awiri amagawana imodzi nde intonation, kulondola kwa mawu mukamakwera pa khosi, siingakhale ndendende, mukakwera kupyola fret ya 7 mumva awiriwo akukangana pang'ono. Si vuto la mawaya limenelo, musathamangirenso ku Limbe.

Mwana_wa_Likhubula
Ndi ya sikisi. Ine ndimaimba rhythm cha kumutu konkuno, kumtundako ndi kwa a lead, zikhala bwino.

GogoWaBanjo
Kukangana pang'onoko ndiye kukoma kwake. Zikalira ndendende ugula 12 chifukwa chani?

MaiKwaya_Luchenza
Nanga ukwati unayenda bwanji? Mwangoti zii

Mwana_wa_Likhubula
Pepani mayi foni inalowa madzi, mvula inatipeza pa kabaza pobwerera. Lipoti nali. Lachiwiri ndinapita ku Limbe ndinagula mapaketi atatu monga ananenera a Zamagetsi, ndinaonetsetsa mawu oti nickel ndi maso anga. Lachinayi tinakumana pa Luchenza, anaika chikhadabo pa chochunira cha G n'kundiuza ndikhudze, kanalipodi kachitsulo kakuthwa ngati lumo, mphindi ziwiri ndi sandipepa katha. Truss rod sanaikhudze n'komwe akuti khosi labwerera lokha. Tinatsitsa hafu sitepe, kapo sindinaipeze yabwino nde wa kiyibodi anadina transpose, wa bass wathu anang'ung'udza ngati a ku Bvumbwewa koma anatsitsa. Kuyambira 1 koloko mpaka 5 palibe waya anaduka. Kunangovuta pamene dzuwa linalowa mu tenti, ndinachunanso kawiri, ndipo zala zakumanzere mpaka lero zikuwawa, ma barre chord pa 12 si masewera. Amayi ena a kuchikazi anabwera kudzafunsa kuti gitala yachiwiri ikulirayo ili kuti poti akuona mmodzi.

Ndatsala ndi 36, 46, 16, 24, 32 ndi 42 osagwiritsa ntchito, komanso bronze uja 11 wangogwira sabata imodzi. Alipo akufuna?

Namasamba_Makwasa
Bronze ndi wanga, ya bokosi yanga ikulira ngati lichero. Ndituma mwana wa minibasi

GogoWaBanjo
16 ndi 24 undisungire mdzukulu, banjo ilipo pa denga

Bass_ya_Bvumbwe
Ine ndikadali pa mawu anga, chotsani sikisi. Koma 46 ndipatseni pali mwana ndikumuphunzitsa wadula wake dzulo

WakuJoni_77
Nde ma seti aja nditengebe awiri kapena imodzi? Yankhani lero ndikupita ku town mawa m'mawa